Ndevu Zimene Mwiniwake Sazifuna

M'midzi yozungulira nkhalango ya Lukusuzi, kwa Chikomeni, kwa Mwasemphangwe ndi kutsikira kuchigwa kwa Mwanya, monganso kwa Achewa a tsidya la Malawi, lumo limapezeka pa nthawi zikuluzikulu za moyo wa munthu. Khanda amalimeta tsitsi limene linabadwa nalo. Namwali amamumeta akamatuluka m'tsimba. Maliro akatha, abale amasonkhananso kudzameta, ndipo tsikulo lisanafike wamasiye amayenda ndi tsitsi losasamalika kuti aliyense aone kuti pakhomopo padakali chisoni. Anamkungwi amalangiza mkwatibwi kuti kumeta mwamuna wake malo obisika ndi ntchito yake iye yekha, moti bambo akabwera kunyumba atametedwa kwina umakhala mlandu woitanira ankhoswe. Munthu wokulira m'miyambo imeneyi amadziwa kuti tsitsi limalankhula. Limauza anthu kuti uyu ndi mwana, uyu wakula, uyu ali pabanja, uyu waferedwa. Ndevu nazo zimalankhula, ndipo zimamveka patali kuposa tsitsi lina lililonse chifukwa zili pankhope, pamene chitenje kapena duku sizifika. Aliyense woziona amangomva kuti uyu ndi bambo.

Pali anthu amene uthenga umenewo umawapweteka tsiku ndi tsiku. Awa ndi amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima mwawo, kawirikawiri kuyambira ali aang'ono, amadzidziwa kuti ndi akazi. Masiku ano amatchedwa akazi a transgender. Ambiri mwa iwo amasautsika kwambiri thupi likayamba kusintha pa msinkhu wotha, mawu akamakula, cheya chikamada pachifuwa ndi m'miyendo, ndevu zikamatuluka, ndipo kusautsika kumeneku madokotala amakutcha gender dysphoria. Wina amafika poopa kalilole. Wina amameta m'mawa, n'kumetanso dzuwa likapendeka, mpaka chibwano kutuluka magazi. Maganizo anga ndi akuti vuto limeneli ndi la zaumoyo ndiponso la chitetezo cha munthu, choncho mwini wake ayenera kuuzidwa zoona za thupi lake ndi kuthandizidwa mwaulemu, ngakhale ndi anthu amene samumvetsa kapena sagwirizana naye. Kuti tione chifukwa chake, tiyambire pansi pa khungu pamene tsitsi limamera.

Kupatula zikhatho, kunsi kwa mapazi, milomo ndi malo ena ochepa, khungu lonse la munthu lili ndi timaenje tomeramo tsitsi, ndipo mwamuna ndi mkazi amabadwa ndi timaenjeti pafupifupi mofanana. Kusiyana kuli pa mtundu wa tsitsi lotulukamo. Pankhope ya mwana pamamera cheya chosalala chosaoneka bwino. Munthu akatha msinkhu, mahomoni achimuna, makamaka testosterone ndi ina yochokera kwa iyo yotchedwa DHT, amakulitsa muzu wa cheyacho mpaka kuyamba kutulutsa tsitsi lakuda, lokhuthala, lozama. Chovuta kwa mkazi wa transgender ndi chakuti muzu wa ndevu ukakula motere subwerera msanga m'mbuyo. Amene amalandira mahomoni achikazi a estrogen pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya testosterone, monga spironolactone, amaona cheya cha pachifuwa, pamsana ndi m'miyendo chikucheperachepera, ndipo malangizo amene bungwe la Endocrine Society linatulutsa mu 2017 amati kusinthaku kumayamba kuoneka pakati pa miyezi 6 ndi 12 ndipo kumapitirira kwa zaka zoposa zitatu. Koma ndevu zimangochedwa kukula ndi kufewerapo pang'ono, sizichoka. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuidziwa, chifukwa kumene kulibe dokotala womufunsa, ena amagula mapiritsi olerera n'kumamwa ambirimbiri poganiza kuti akawonjezera ndevu zithothoka. Mapiritsi ambiri olerera ali ndi estrogen ya mtundu wa ethinylestradiol, imene imachititsa magazi kuundana m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya, ndipo chibuluma cha magazi chikafika m'mapapo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Spironolactone nayo, ikamwedwa popanda kuyezetsa magazi, imatha kukweza mchere wa potassium mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Munthu amaika moyo pachiswe chifukwa cha ndevu zimene mankhwalawo sangazichotse.

Chotsala kwa ambiri ndi lezala la pa okala, ndipo apa tsitsi lathu lili ndi khalidwe lake. Tsitsi la munthu wakuda limamera lopiringizika kuyambira pamuzu. Lezala likalidula pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka munthu akakoka tsaya ndi zala n'kumeta mobwerera, nsonga yake imatsala yosongoka ndipo imabwerera pansi pa khungu. Ikamakula imapindika, n'kulasa khungu chamkati kapena kutuluka ndi kudzibayanso pambali. Thupi limaiona ngati munga. Pamatupa kachiphuphu kolimba, koyabwa, nthawi zina kokhala ndi mafinya, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kamzere kakuda ka tsitsi katapindika pansi pake. Kachiphuphuko kakapola kamasiya banga lakuda, ndipo kwa anthu amene khungu lawo limakonda kupanga zipsera zotupa, pansi pa chibwano ndi pakhosi pamatha kudzaza mabampu osatha. Abambo ambiri akuda amalidziwa vutoli, ndipo mankhwala ake oyamba ndi osavuta: kusiya kumeta kwa milungu ingapo kuti tsitsi lituluke, kenaka kumangodula ndi makina osafika pakhungu penipeni. Koma malangizo amenewo ndi amene mkazi wa transgender sangawatsate, chifukwa kwa iye milungu ingapo ya ndevu ndi milungu yosatuluka m'nyumba. Amameta pamwamba pa zilonda, amabisa mabangawo ndi zodzoladzola, ndipo ena amathamangira mafuta oyeretsa khungu okhala ndi hydroquinone kapena ma steroid, amene akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu ndipo nthawi zina amalidetsa kuposa kale.

Chikhulupiriro chakuti kumeta kumachulukitsa ndevu n'chabodza, ndipo mayi wina wa sayansi wa ku America, Mildred Trotter, anasonyeza zimenezi kale mu 1928. Kumeta kuli ngati kutchetcha udzu: chitsa chotsalacho chimabaya kuphazi kuposa nsonga yanthete imene inalipo, koma muzu pansi sunasinthe ndipo udzu sunawonjezeke. Njira zina zosakhalitsa zilipo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake pakhungu. Kuzula ndi kachitsulo, ndi ulusi kapena ndi phula kumapereka milungu ingapo ya mpumulo, koma tsitsi lopiringizika likamameranso limatha kusochera pansi pa khungu chimodzimodzi. Ufa wometera ndi mafuta osungunula tsitsi, monga Magic ndi Veet, amathyola tsitsi ndi mankhwala n'kusiya nsonga yobuntha, n'chifukwa chake mabampu amachepa, koma akakhalitsa pankhope kupyola mphindi zolembedwa papaketi amawotcha.

Njira zowononga muzu weniweniwo ndi ziwiri. Yakale ndi electrolysis, imene dokotala wa maso wa ku St Louis, Charles Michel, anaifotokoza mu 1875 pochiza nsidze zomera cholowa m'diso. Kasingano kowonda kwambiri kamalowetsedwa m'dzenje la tsitsi limodzi, magetsi ochepa n'kupha muzuwo. Imagwira pa khungu la mtundu uliwonse ndi tsitsi la mtundu uliwonse, imvi zomwe, koma ndevu ndi masauzande ambiri, moti nkhope imodzi imatha kudya maola ochuluka kwa chaka kapena zaka ziwiri. Yatsopano ndi laser, yochokera ku mfundo imene Rox Anderson ndi John Parrish anafalitsa mu 1983, yakuti kuwala kosankhidwa bwino kungathe kutentha chinthu chakuda popanda kuwononga zoyandikana nacho. Kuwalako kumatsata utoto wakuda wa m'tsitsi, melanin, ndipo apa pali msampha kwa ife, chifukwa utoto womwewo ndi umene uli m'khungu lathu. Makina oyambirira ankagwira bwino pa munthu woyera wa tsitsi lakuda, pamene pa munthu wakuda ankasiya matuza ndi mabanga. Makina oyenera khungu lakuda ndi a Nd:YAG, amene kuwala kwake kwa 1064 nm kumalowa mozama osamwedwa kwambiri ndi khungu la pamwamba, ndipo aliyense wopita kukachotsa tsitsi ayenera kufunsa dzina la makina asanagone pabedi. Ngakhale makina abwinowo amafuna kubwerezabwereza pakatha milungu ingapo, chifukwa mizu simera nthawi imodzi ndipo laser imapha yokhayo imene ikukula tsikulo. Zonsezi zimachitikira m'zipatala ndi m'masaluni olipira a m'mizinda ikuluikulu. Kuchokera ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, kufika ku Lusaka ndi pafupifupi 750, ndipo wa kwa Chikomeni amayamba wayenda kaye ulendo wina kuti akwere basi.

Apa munthu woganiza bwino angatsutse, ndipo kutsutsa kwake n'kwamphamvu. Anganene kuti kudera kumene amayi oyembekezera amavutika kufika ku chipatala cha Lumezi nthawi ya dzinja, kumene njovu zimatha munda usiku umodzi, kulankhula za ndevu ndi kutaya nthawi pa nkhani za anthu okhuta. Akhoza kutchulanso mbiri yowawa imene ikukhudza chigwa chomwechi. Kachirombo ka kaodzera ka mtundu wa rhodesiense kanadziwika mu 1910 m'magazi a munthu amene analumidwa ndi kashembe m'chigwa cha Luangwa, kumene mtsinje wa Lukusuzi umathira. Kwa zaka zambiri odwala kaodzera wofika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 aliwonse. Mu 1990 kunavomerezedwa mankhwala ofatsa otchedwa eflornithine, amene ankadzutsa odwala kaodzera wa mtundu wa gambiense wa ku Congo, Angola ndi Sudan, ngakhale kuti pa mtundu wa kuno sagwira bwino. Patangopita zaka zochepa opanga analeka kuwapanga chifukwa odwalawo analibe ndalama. Kenaka mu 2000 mankhwala omwewo anatulukiranso ku America ngati mafuta odzola otchedwa Vaniqa, ochedwetsa ndevu za amayi, ndipo patachitika phokoso lalikulu lotsogozedwa ndi Médecins Sans Frontières, kampani ya Aventis inagwirizana ndi WHO mu 2001 kuti iyambenso kupanga a jekeseni. Womva zimenezi sangalephere kukwiya kuti tsitsi la pankhope linalemera kuposa moyo wa Mwafirika.

Mkwiyowo ndi woyenera, koma uyenera kulunjika pamene pali cholakwa. Chimene chinaimitsa mankhwalawo ndi msika umene umamva ndalama zokha, ndipo pamsika umenewo mkazi wa transgender wa ku Lumezi ali mbali imodzi ndi wodwala kaodzera, pakuti onse awiri palibe kampani imene imawawerengera. Palibe botolo la mankhwala a malungo limene lingachepe chifukwa namwino wauza munthu kametedwe kosavulaza. Ndiponso kwa munthu ameneyu ndevu si nkhani ya kukongola kokha. Malamulo a Zambia, kuyambira ndime 155 ya Penal Code, amalanga kugonana kumene amati n'kosemphana ndi chilengedwe ndi zaka zosachepera 15 mpaka moyo wonse m'ndende. Ku Malawi ndime 153 imapereka chilango chofika zaka 14. Palibe ndime yoletsa kumeta kapena kudzimva mkazi, koma wapolisi, kondakitala ndi anyamata a pa siteji sawerenga ndime, amawerenga nkhope. Tiwonge Chimbalanga, wochokera ku Thyolo, amene ambiri amamudziwa kuti Aunt Tiwo, ankakhala ngati mkazi ndipo ankanena yekha kuti ndi mkazi. Atachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Blantyre mu December 2009, awiriwo anamangidwa, mu May 2010 anapatsidwa zaka 14, ndipo patatha masiku ochepa pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo. Tiwonge sanathenso kukhala mwamtendere kwawo, anakapeza pothawira ku South Africa. Jana Gonani, mkazi wa transgender, anapatsidwa zaka 8 ndi khoti la ku Mangochi mu December 2021 n'kuikidwa m'ndende ya amuna, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho lake loti ndime zotere m'malamulo a Malawi zithetsedwe. M'dziko lotere, mthunzi wa ndevu wotulukira pansi pa paudala madzulo ungathe kusandutsa ulendo wa ku chigayo kukhala chipongwe, kumenyedwa kapena kugona m'chitokosi.

Ena amatsutsa kuchokera ku chikhulupiriro. Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu ndi Frederick Chiluba mu 1991, ndipo anthu ambiri a kum'mawa, monganso a ku Malawi, amakhulupirira moona mtima kuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo munthu ayenera kulandira thupi limene anapatsidwa. Enanso amati zonsezi ndi zobwera ndi azungu. Nkhani ino singathetse mkangano wa zaumulungu, koma pali zinthu ziwiri zoyenera kuziika patebulo. Choyamba, Tiwonge anakulira kumudzi ku Thyolo, osati ku London, ndipo bungwe la Transbantu Association Zambia linayambitsidwa ndi anthu a ku Zambia omwe. Bungwe la WHO nalo, m'kaundula wake watsopano wa matenda wa ICD-11 amene anavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a misala. Chachiwiri, mfundo yakuti tsitsi limene Mulungu wameretsa lisakhudzidwe sitiitsata pa wina aliyense. Abusa amameta Loweruka madzulo. Amayi ambiri obadwa akazi amamera ndevu, kawirikawiri chifukwa cha vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, limene WHO imati limakhudza amayi 6 mpaka 13 mwa 100 aliwonse a msinkhu wobereka, ambiri osadziwa n'komwe kuti ali nalo. Mayi wotere pamudzi amanenedwa zambiri, ena mpaka kumunong'oneza za ufiti, ndipo akamazula ndevu zake mobisa kuseri kwa nyumba sitimuuza kuti akulimbana ndi Mlengi. Timamumvera chisoni chifukwa tikudziwa chimene ndevu zimanena pankhope ya mkazi. Ululu wa mkazi wa transgender ndi wa mtundu womwewo, kungoti iye ali ndi ndevu zambiri ndiponso anthu ochepa omumvera chisoni. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sanaikepo lamulo loti uyambe wamufunsa za chikhulupiriro chake moto uli mkati.

Kutsutsa kumene ndimakuona kolemera kwambiri kumachokera mbali ina. Kumati vuto lenileni ndi maso a anthu, amene anagamula kuti mkazi weniweni ayenera kukhala wosalala, ndipo makampani a malezala ndi mafuta amapindula ndi chigamulo chimenecho. M'malo mophunzitsa anthu kuchotsa tsitsi, bwanji osaphunzitsa dziko kulandira mkazi wa ndevu? Muli choonadi m'menemo. Kumeta miyendo ndi m'khwapa kunafalitsidwa kwambiri ndi otsatsa malonda a ku America m'zaka za m'ma 1900, ndipo agogo athu aakazi sankadziona operewera chifukwa cha cheya cha m'miyendo. Alipo akazi a transgender amene cheya cha pathupi sichiwavuta, ndipo palibe woyenera kuwakakamiza kumeta kuti atsimikize ukazi wawo. Koma kusintha maso a dziko ndi ntchito ya mibadwo, ndipo sichilungamo kuisenzetsa munthu amene ali pangozi kuposa onse, kuti iye ndiye ayende ndi ndevu pamsika wa Lundazi pophunzitsa anthu kulolerana. Komanso ambiri amanena kuti kusautsikako kumawapeza ngakhale ali okha m'chipinda, dzanja likangokhudza tsaya, kutanthauza kuti sikuchokera kwa oonerera okha. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la WPATH a mu 2022 amaika kuchotsa tsitsi m'gulu la chithandizo chimene madokotala ayenera kutumizako munthu akachifuna, osati zodzikongoletsa wamba.

Ku Cape Town, chipatala cha boma cha Groote Schuur chili ndi kiliniki yothandiza anthu a transgender, ndipo lamulo la South Africa la mu 2003 limalola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso chake. Lundazi, Lumezi ndi Chasefu zili kutali ndi zimenezo, komabe zambiri zimene zingachepetse kuvulala sizifuna makina. Namwino kapena kilinikofesala wa pa chipatala chaching'ono angauze munthu kuti afewetse ndevu ndi madzi ofunda asanamete, agwiritse lezala lakuthwa la mpeni umodzi, amete motsata kumene tsitsi lagonera osakoka khungu, ndipo asabwerekane lezala ndi wina, pakuti kachirombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Angamuphunzitse kutulutsa nsonga yosochera ndi singano yoyera m'malo mofinya, kuyesa ufa wometera pakhungu pang'ono asanapake nkhope yonse, ndi kupuma tsiku limodzi kapena awiri pamene zingatheke. Angachize mabampu a mafinya ndi mankhwala amene ali kale m'kabati, angamuchenjeze za mafuta oyeretsa khungu, ndipo akadziwa kuti akumwa mapiritsi olerera angamuyeze kuthamanga kwa magazi, kumufunsa za fodya, ndi kumuuza kuti mwendo ukatupa mbali imodzi kapena akayamba kubanika athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Uphungu womwewu ndi umene akufuna mayi wa PCOS ndi mnyamata wa mabampu pakhosi, moti wazaumoyo safunika maphunziro achilendo kuti aupereke.

Chimene chimavuta ndi pakhomo polowera. Pa chipatala cha kumudzi mlonda ndi mwana wa azakhali, wolemba makadi amapemphera mpingo umodzi ndi amayi ako, ndipo dzina la pa kadi limaitanidwa mokweza pamzere. Munthu amene akudziwa kuti mawu amodzi otuluka m'chipinda choyezera angafike kwa amfumu kapena ku polisi sabwera, amakagula mapiritsi kwa wogulitsa wosafunsa mafunso. Malamulo a ntchito ya zaumoyo m'maiko onse awiri amalamula kale kusunga chinsinsi cha wodwala aliyense, ndipo kuchiza khungu lotupa kapena kuyeza magazi si mlandu pansi pa ndime iliyonse ya Penal Code. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma angathe kukumbutsa antchito awo zimenezi popanda kudikira Nyumba ya Malamulo ya ku Lusaka kapena ku Lilongwe.